Funso lomwe linayankhidwa ndi mawu amodzi

Pa 27 Marichi 1977 bomba linaphulika pabwalo la ndege la Gran Canaria, ndipo ndege zopita kumeneko zinauzidwa kuti zikatere pakabwalo ka Los Rodeos, pachilumba cha Tenerife. Mwa ndegezo munali zikuluzikulu ziwiri za mtundu wa Boeing 747, ina ya KLM yochokera ku Amsterdam, ina ya Pan Am yochokera ku Los Angeles kudzera ku New York.

Kaputeni wa ndege ya KLM anali Jacob Veldhuyzen van Zanten, katswiri weniweni. Ndiye ankaphunzitsa anzake kuyendetsa 747 pakampanipo, ndipo nkhope yake inkatuluka pazithunzi zotsatsa malonda. Wachiwiri wake tsikulo, Klaas Meurs, anali atayesedwa ndi iye yemweyo kuti ayambe kuyendetsa ndege za mtunduwu. Tangoganizani: amene anakupatsa chiphaso ndiye wakhala pambali pako. Ungamutsutse ndi pakamwa pati?

Madzulo kunagwa nkhungu yoti sungaone patali. Kaputeni anali pachangu, poti malamulo a ku Netherlands ankaletsa oyendetsa ndege kupitirira maola a ntchito, ndipo kuchedwa kukanawagoneka pachilumbapo. Atafika poyambira msewu wonyamukira, anayamba kuonjezera moto. Meurs anamuletsa kuti chilolezo sichinabwere. Kaputeni anabweza moto n'kumuuza kuti afunse kunsanja. Yankho lomwe analandira linali lofotokoza njira yodzatsata akanyamuka, osati lowalola kunyamuka. Kaputeni anaiyambitsa ndege kuthamanga. Ulendo uno Meurs sanamuletsenso.

Ndege ya Pan Am inali idakali mumsewu womwewo, mkati mwa nkhunguyo. A kunsanja anati a KLM adikire, a Pan Am nawo anati sanachoke, koma poti onse analankhula nthawi imodzi, mawuwo anagundana pawailesi n'kungomveka kulira kwa makina.

Munthu mmodzi anakayika. Injiniya wa m'ndege ya KLM, Willem Schreuder, anafunsa ngati ya Pan Am ija inali itapatukadi. Kaputeni anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo nkhani inathera pomwepo. Patangopita masekondi ochepa ndegezo zinaombana. Anthu onse 248 a mu KLM anafa, a mu Pan Am anafa 335, n'kupulumuka 61 okha. Onse pamodzi 583.

Inu a bwana amene muli ndi anthu pansi panu, musafulumire kunena kuti kaputeniyu anali wankhanza kapena wosadziwa ntchito. Chomwe chinavuta n'chakuti ankaidziwa kwambiri, moti womuona akulakwa ankayamba wadzikayikira yekha. Ine ndimaona kuti bwana wolemekezeka ngati ameneyu ndi woopsa kuposa wolalata, chifukwa wolalatayo anthu amadziwa kuti amalakwa, amangomuopa. Wantchito waulemu sanena kuti "bwana, mwalakwitsa". Amafunsa kafunso kofewa, kamodzi, maso ali pansi: "Kodi ndalama zija zinalowadi?" "Katundu uja munamuwerenga?" Mukayankha ndi mawu amodzi, mutu uli pafoni, sabwerezanso. Akatuluka amakauza anzake kuti iye ndiye ananena, ndipo sanama.

Ngozi iyi ndi zina zonga iyo zinachititsa kuti bungwe la NASA liitanitse msonkhano mu 1979 wokambirana mmene oyendetsa ndege amagwirira ntchito limodzi, ndipo mu 1981 kampani ya United Airlines inayamba kuphunzitsa zimenezi mwadongosolo. Maphunzirowo amakhudza mbali zonse. Wachiwiri amamuphunzitsa kutchula chomwe chamudetsa nkhawa mosazungulira, kunena zoyenera kuchita, ndi kubwereza mpaka atayankhidwa. Kaputeni amamuphunzitsa kuuza anzake ulendo usanayambe kuti akaona chachilendo alankhule, ndipo wina akafunsa, amufunsenso chomwe waona asanayankhe. Masiku ano madokotala ochita opaleshoni ndi ozimitsa moto m'mayiko ambiri amaphunzira zomwezi.