Phunziro la Amayi: Khansala Wathu ndi Ntchito Yothandiza Anzathu Kuvota

Tiwerenge: Machitidwe a Atumwi 6:1-6

M'ndime imeneyi tikumva kuti mpingo wa ku Yerusalemu utakula panabuka dandaulo. Amayi amasiye a mbali imodzi ankaiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanaloze okha anthu okonza vutoli. Anasonkhanitsa gulu lonse nalipempha kuti lisankhe anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ndipo mmodzi mwa iwo anali Stefano. Taonani kuti anthuwa sanasankhidwe kuti akalamulire dziko. Anasankhidwa kuti mbale ya mayi wamasiye isamabwerere yopanda kanthu. M'phunziro lino tikambirana za munthu amene ntchito yake ikufanana ndi imeneyi m'dera lathu, ndiye khansala, komanso zimene ife tingachite modzipereka kuti anzathu azimusankha akudziwa chimene akuchita.

Ambiri a ife tikamva za chisankho timaganiza za pulezidenti ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Pepala lachitatu, la khansala, timalichonga mothamanga, mwina dzina la munthuyo tikuliona koyamba pomwepo. Koma mjigo ukasowa m'mudzi, msika ukakhala wopanda chimbudzi, mlatho wa mitengo ukakokoloka pa njira ya ku chipatala, nkhani zimenezi zimayenera kudutsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, mpaka kukafika ku khonsolo. Amene amakatiyankhulira kumeneko ndi kukavotera ndondomeko ya ndalama za khonsolo ndi khansala. Amene munaona mmene kolera inativutitsira kuno ku Mangochi mu 2022 ndi 2023 simufunika kuuzidwa kuti madzi abwino ndi chimbudzi cha pa doko si nkhani yaing'ono.

Tisaiwale kuti mpando umenewu unakhalapo wopanda munthu kwa zaka zambiri. Lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo chisankho cha makhansala chinachitika pa 21 Novembala 2000. Tsiku limenelo anthu amene anapita kukavota anali pafupifupi 14 okha mwa anthu 100 alionse olembetsa. Ena tinali kumunda, poti inali nthawi yodzala. Ena sitinkadziwa n'komwe kuti khansala ndi wa ntchito yanji. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, chisankho china chinangokhalira kusunthidwa, ndipo dziko linatha zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala kufikira pa 20 Meyi 2014, pamene tinavota patatu tsiku limodzi kwa nthawi yoyamba. M'zaka zonsezo anthu wamba sitinadandaule kwenikweni. Ife tikuona kuti chifukwa chake n'chakuti munthu salira chinthu chimene sanauzidwe ntchito yake. Tinavotanso patatu pa 21 Meyi 2019 ndi pa 16 Seputembala 2025, pamene mawodi anachuluka kuchoka pa 462 kufika pa 509 m'dziko lonse.

Ntchito yophunzitsa anthu za chisankho siinayambe dzulo, ndipo mipingo siinabwere ngati alendo. Bungwe la Public Affairs Committee, PAC, linayamba mu 1992, ndipo muli Akatolika, mipingo ya mu Malawi Council of Churches kuphatikizapo wathu wa Anglican, ndi abale athu Asilamu. Linathandiza kuti pakhale referendamu ya pa 14 Juni 1993 imene inabweretsa zipani zambiri. Mu 1999 kunabwera bungwe la NICE, limene mphamvu yake yagona pa anthu ongodzipereka a m'midzi momwemo. Ambiri tinawaonapo akuyenda pa njinga ndi mapepala a zithunzi, akuchititsa misonkhano pansi pa mtengo, kapena akusonkhanitsa opikisana kuti ayankhe mafunso pamaso pa anthu. A CCJP a mpingo wa Katolika nawonso akhala akugwira ntchito yomweyi, ndipo mawailesi a kuno kwathu monga Dzimwe ndi Radio Maria akhala akufalitsa mauthenga. Koma boma la Mangochi ndi lalikulu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, kuyambira ku Chembe ndi Monkey Bay kwa Nankumba, kudzera kwa Mponda ndi Chimwala, kukwera ku Namwera kwa Jalasi ndi kwa Katuli, mpaka kwa Makanjira kumene msewu umavuta mvula ikagwa. Munthu mmodzi wa pa njinga sangafike pa khomo lililonse. Ife amayi timafikapo kale: pa mjigo, pa chigayo, ku sikelo, pa maliro, pa thandala poyanika usipa.

Kuno ku nyanja kuli mavuto ake amene buku lolembedwa ku Lilongwe silingawadziwe bwino. Msodzi amatsata nsomba. Amalembetsa ali ku Msaka, tsiku lovota limamupeza ali ku gombe lina kutali, ndipo dzina lake silipezeka m'kaundula wa kumeneko. Bungwe loyendetsa chisankho la MEC limapereka nthawi yoti munthu asamutse dzina lake, koma nthawiyo ndi yochepa ndipo ambiri amamva itatha kale. Amayi ogula ndi kugulitsa nsomba vuto lawo ndi lomweli. Kulembetsa kwa zisankho za 2019 ndi 2025 kunafuna chiphaso cha unzika cha ku NRB, choncho mtsikana amene wakwanitsa zaka 18 koma alibe chiphasochi watsala kale chisankho chisanayambe. Pali makomo ambiri amene abambo ali ku Joni, ndipo mayi amadikira foni kuti auzidwe wovotera, kapena sapita n'komwe poti sanauzidwe. Ndiponso pali chiyankhulo. Kwa Makanjira kapena kwa Katuli mungathe kufotokoza ola lathunthu m'Chichewa, agogo akugwedeza mutu mwaulemu, koma zimene zalowa n'zochepa. Ngati gulu lathu lilibe mayi woyankhula Chiyao bwino, tipemphe mnzathu wa m'mudzimo kuti atimasulire, ngakhale akhale wa ku mzikiti. N'kwabwinonso kutero.

Tikuuzeni zimene zinatichitikira pa parishi ina ya kutsidya kwa nyanja chisankho china chili pafupi. Tinajambula pepala loyeserera, m'malo mwa anthu tinaikapo chambo, nkhuku, dengu ndi khasu, kuti pasaoneke chizindikiro cha chipani chilichonse. Tinaika katoni pa tebulo ndi chitenje chotchinga, amayi n'kumalowa mmodzimmodzi. Titatsegula katoniyo tinapeza kuti mapepala angapo anali owonongeka. Mayi wina anachonga pawiri. Titafunsa gulu lonse, osaloza munthu, iye mwini anaseka nati pa chisankho chenicheni ankafuna kutero ndithu, chifukwa opikisana awiri onse ndi abale ake ndipo sankafuna kukhumudwitsa aliyense. Mayi wachikulire wina anamuyankha kuti, “Achemwali, mapanga awiri avumbwitsa.” Wina anachonga pa amene ankamufuna, n'kuika mtanda pa ena onse kusonyeza kuti sakuwafuna. Wina analemba dzina lake pansi monga amachitira ku banki ya m'mudzi. Onsewa ndi amayi anzeru, osunga mabanja, ena ndi atsogoleri mu mpingo. Panalibe amene anawaonetsapo. Ifenso tinalakwitsa tsiku limenelo: tinaiwala kubweretsa inki yodindira chala, ndipo agogo awiri amene sagwira cholembera anabwerera osayesera. Tinachita manyazi, ndipo sabata yotsatira tinawatsatira kunyumba kwawo.

Choncho pophunzitsa tinene mwachidule ndi mobwereza: chizindikiro chimodzi, m'bokosi limodzi, moyang'anizana ndi munthu mmodzi, pa pepala lililonse. Wosalemba adinde chala. Wosaona kapena wolumala ali ndi ufulu wothandizidwa ndi munthu amene iye mwini wamukhulupirira. Ndipo titsindike kuti voti ndi yachinsinsi. Pali mphekesera zimene zimabwera chisankho chilichonse, zoti mfumu idzadziwa, zoti amene anatenga nambala ya chiphaso chanu adzaona mmene mwavotera, zoti mudzachotsedwa pa mndandanda wa feteleza kapena wa mtukula pakhomo. Pepala lovotera silikhala ndi dzina lanu. Koma musapereke chiphaso chanu kwa munthu aliyense woyenda m'mudzi ndi kope, kaya walonjeza ngongole kaya ufa.

Nkhani ya mphatso ndi yovuta, ndipo tisanamizane kuti ife sizitikhudza. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, ngakhale nsalu ndi malaya a chizindikiro cha chipani siziwerengedwa m'gulu limeneli. Komabe tonse tikudziwa zimene zimachitika usiku, ndiponso zimene zimachitika masana pa Paper Sunday, pamene mlendo wolemekezeka amene sitinamuonepo zaka zinayi afika ndi envulopu yonenepa. Mayi amene ana ake agona ndi njala sitingamudzudzule ngati wakuba chifukwa walandira sopo. Chimene tingachite ndi kumufunsa modekha kuti sopoyo atha masiku angati, ndipo khansalayo akhala zaka zingati. Tingamukumbutsenso kuti chimene walandira sichimumanga akalowa kuseri kwa chotchinga.

Tsopano za ife eni. Mayi aliyense wa Mothers' Union ali ndi ufulu wokonda chipani chake, ngakhale kuimira pa mpando, ndipo tingakondwe kuona amayi ambiri akuimira ukhansala chifukwa m'makhonsolo athu ndi ochepa kwambiri. Koma amene wavomera ntchito yophunzitsa ovota asiye chipani chake kunyumba. Yunifolomu yathu isaoneke pa msonkhano wa chipani, ndipo nsalu ya chipani isaoneke pa phunziro lathu. Anthu adzatiyesa. Adzati, “Inu amayi a ku tchalitchi, tangotiuzani wabwino ndani.” Tiwabwezere mafunso: Kodi munthuyu amakhala m'wodi muno? Munamuonapo pa msonkhano wa VDC kapena pa ntchito youmba njerwa za sukulu chisankho chisanayandikire? Zimene akulonjeza ndi ntchito ya khansala, kapena akulonjeza kutsitsa mtengo wa mafuta? M'boma lino Akhristu ndi Asilamu timamwa mjigo umodzi ndipo timakwatirana. Tikangoyamba kunena kuti voterani uyu chifukwa ndi wa mpingo wathu, mawa anzathu adzanenanso chimodzimodzi, ndipo wodi idzasankha chipembedzo m'malo mwa munthu wogwira ntchito.

Tsiku lovota lili ndi ntchito zake zing'onozing'ono zimene sizifuna maphunziro. Mu 2025 malo ovotera anatsekedwa 4 koloko masana, osati 6 koloko madzulo monga tinazolowera kale, ndipo mayi amene amati ayambe wagulitsa nsomba akhoza kupeza atatseka. Tingathe kudzutsana m'mamawa, kusinthana kulera ana, kuperekeza okalamba ndi amayi oyembekezera. Amene anaphunzitsidwa ndi kuvomerezedwa ndi MEC kudzera m'mabungwe monga NICE kapena PAC angathe kukhala oyang'anira, kuona kuwerenga kwa mavoti mpaka zotsatira zitalembedwa ndi kusainidwa pa malo pomwepo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, imafika usiku, koma tinaona kulemera kwake pamene khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex atakhala umboni. Zotsatira zikachedwa tigwire ana athu. Kumapeto kwa Meyi 2014 mnyamata wina anataya moyo pa zionetsero pa boma pathu pano anthu akudikira zotsatira, ndipo amene anakhala pa siwa anali amayi.

Chisankho chachikulu chotsatira chikuyembekezeka mu 2030, koma zisankho zapadera zimabwera nthawi iliyonse khansala akamwalira kapena akasiya mpando, ndipo n'zimene anthu amapitako ochepa kwambiri. Pa msonkhano wa Lachinayi likudzali, mtsogoleri afunse amayi kuti ndi angati amene angatchule dzina la wodi yawo ndi la khansala wawo. Mlembi alembe atsikana ndi anyamata a m'makomo mwathu amene akwanitsa zaka 16 koma sanakalembetse chiphaso cha unzika, ndipo pasankhidwe amayi awiri okawaperekeza. Kenaka mugwirizane chinthu chimodzi chokha chimene chikuvuta m'dera lanu, kaya ndi mjigo, kaya chimbudzi cha pa msika, ndipo mupemphe Bambo wa parishi kuti akuthandizeni kulemba kalata yoitana khansala kuti adzakumane nanu. Muitanenso amayi a ku mzikiti ndi a mipingo ina, ndipo muuze amfumu tsikulo lisanafike.