Phunziro: Musanagule nyumba kuno kumpoto kwa England

Ambiri a ife tatha zaka tikulipira lendi ku Leeds, Bradford, Manchester, Sheffield ndi Liverpool. Nyumba zakuno ndi zotsikirapo mtengo kusiyana ndi za ku London, choncho ena ayamba kuganiza zogula yawoyawo. Maganizo ndi abwino, koma paja safunsa anadya phula. Tiyeni tione mfundo zisanu.

1. Banki idzayang'ana mbiri yanu

Ngongole ya nyumba, imene kuno amati mortgage, nthawi zambiri imafika pa malipiro anu a pachaka kuchulukitsa kanayi kapena kanayi ndi theka. Mwachitsanzo, nyumba ya £150,000 mutapereka dipoziti ya £15,000, ngongole ikhala £135,000, ndiye kuti pakhomo pazilowa ndalama zosachepera £30,000 pachaka. Amene alibe chilolezo chokhazikika, Indefinite Leave to Remain, mabanki ena amawauza kuti apereke dipoziti yokulirapo, pena 25 pa 100 iliyonse.

Banki imafunsanso mbiri yanu ya ngongole ku Experian, Equifax kapena TransUnion. Muzilipira mabilu pa nthawi yake. Dziwaninso kuti Malawi ndi Zambia ali mu Commonwealth, choncho ngati mapepala anu ali bwino mukhoza kulembetsa m'kaundula wa mavoti, ndipo zimenezi zimathandiza pa mbiriyo.

2. Ndalama ikhale ndi mboni

Loya wanu adzafuna umboni wa kumene dipoziti yachokera. Malamulo ndiwo amamukakamiza kutero. Ndalama ya chipereganyu imene mwalandira pamanja ikhoza kuimitsa zonse. Ngati muli m'gulu lotere, muziperekerana kudzera ku banki ndi kusunga malipoti ake. Ngati mbale wakuthandizani, alembe kalata yonena kuti ndi mphatso, si ngongole.

3. Nyumba ya kumudzi imawerengedwa

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kuyambira pa 1 Epulo 2025, wogula nyumba koyamba salipira msonkho wa Stamp Duty pa nyumba yosapitirira £300,000. Koma "koyamba" akutanthauza kuti simunakhalepo ndi nyumba kulikonse padziko lapansi, ngakhale yosiyiridwa ndi makolo. Ngati muli ndi nyumba ku Area 25 kapena ku Chilomoni, mwatuluka kale m'gulu limeneli, ndipo pa nyumba ya £150,000 mulipira £500. Nyumba ya kumudziyo ikakhala ya mtengo wa £40,000 kapena kuposa, pamabwera msonkho woonjezera wa 5 pa 100 iliyonse, ndipo zonse pamodzi zikhoza kufika £8,000. Pa msonkho woonjezerawu, nyumba ya amuna anu kapena akazi anu imawerengedwanso. Muuzeni loya zoona zokhazokha.

4. Mukugula nyumba yokha kapena ndi malo omwe?

Freehold ndiye kuti nyumba ndi malo ndi zanu. Leasehold ndiye kuti malowo ali ndi mwini wake, inu mwangogula zaka zokhalapo, ndipo mwina muzilipira kandalama chaka ndi chaka. Mafulati ambiri ndi otero, komanso nyumba zambiri za ku Manchester ndi Bolton. Zaka zotsala zikachepera 80, mabanki amachita mphwayi ndipo kugulitsanso kumavuta. Mukhoza kuona nokha kaundula wa nyumbayo ku HM Land Registry.

5. Yenderani dera, yezetsani nyumba

Nyumba zogundizana za ku Harehills, Beeston kapena Manningham zambiri zapitirira zaka 100. Ku Leeds kulinso zina zotchedwa back-to-back, zopanda khomo lakuseri, zimene anasiya kumanga mu 1937. Nyumba zakale zimakonda chinyontho ndipo zimadya gasi m'nyengo yozizira. Munthu amene banki imatuma amangoona ngati mtengo uli woyenera. Inu lembani katswiri wanu kuti aone denga, makoma ndi mawaya.

Madera ambiri a Yorkshire ndi Lancashire ankakumba malasha, choncho loya afufuze ngati pansi pali migodi yakale. Funsaninso za madzi osefukira, monga amene anavuta ku Sheffield mu 2007 ndi ku Kirkstall, Leeds, mu Disembala 2015. Pitani kuderako masana ndi usiku womwe. Kodi basi yoyamba ikukufikitsani ku shifiti yam'mawa? Sukulu ya ana ili pati? Council tax ndi zingati?

Mawu otsiriza

Ku England, kuvomerezana mtengo si kugula. Mpaka tsiku limene maloya asinthana makontirakiti, wogulitsa akhoza kusintha maganizo, ndipo zimene mwalipira kale sizibwerera. Musatsanzike eni nyumba ya lendi tsikulo lisanafike.

Kwa inu amene viza yanu ili m'manja mwa abwana, monga ogwira ntchito yosamalira okalamba, kumbukirani kuti ntchito ikatha ngongole siyiima, ndipo mukalephera kubweza banki ikhoza kulanda nyumba. Sungani padera ndalama ya miyezi itatu kapena kuposa. Malangizo aulere alipo ku Citizens Advice, Shelter ndi MoneyHelper. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso okambirana pakhomo: Kodi ndalama yathu ili ndi umboni? Kumudzi tili ndi nyumba ya mtengo wanji? Mmodzi wa ife ntchito itatha, tingalipire miyezi ingati?