Magemu ndi thumba lanu: tikuyankha makalata a ku Utale

WOWULUTSA: Makalata a sabata ino ambiri akunena za magemu, a pafoni ndi a pakanema, ndi ndalama zimene akudya. Mlendo wathu amakonza mafoni ndi makina a magemu.

KATSWIRI: Ndakondwa kuti nkhaniyi yafika pa wayilesi, chifukwa makolo ambiri amaiona ngati ya ana, pamene ndalama zikulowamo ndi za akuluakulu.

WOWULUTSA: Tiyambe ndi mnyamata wa kufupi ndi siteshoni ya sitima ku Utale. Akuti: "Achimwene anga ali ku Joni ndipo andilonjeza makina a magemu. Anzanga akuti ndipemphe PlayStation 5. Ine chimene ndimakonda ndi mpira basi. Ndipemphe chiyani kuti ndisadzavutike kugula magemu?"

KATSWIRI: Achimwene, musanayang'ane nambala ya makina, funsani kaye ngati ali ndi polowetsa chimbale. PlayStation 5, imene idatuluka mu 2020, ili mitundu iwiri: ina imalandira chimbale, ina ayi. Yopanda chimbaleyo imatsika mtengo m'sitolo, ndiye wogula amaona ngati wapulumutsa, koma gemu iliyonse muyenera kuigula pa intaneti ndi kuikopera yonse. Xbox Series S nayonso ilibe polowetsa chimbale. Gemu ya mpira ya masiku ano imatha kupitirira ma gigabyte 30. Tawerengani mabandulo a Airtel kapena TNM amene mungagule kuti zimenezo zilowe, ndi netiweki ya kumudzi imene imabwera n'kuthawa. Komanso gemu yogula pa intaneti simungaibwereke kwa mnzanu, simungasinthane, simungaigulitse mukatopa nayo.

Ine ndikadakhala inu ndikadapempha PlayStation 4. Idatuluka mu 2013, ku South Africa zogwiritsidwapo kale ntchito zilipo zambiri, zimbale zake n'zosavuta kupeza, ndipo chimbale chogula ku Johannesburg chimasewera bwinobwino pa makina ochokera kwina kulikonse. Mukalowetsa chimbale, gemu imakhazikika m'makina popanda intaneti, ndipo mpira wa anthu awiri okhala pa mphasa imodzi sufuna bandulo ngakhale pang'ono. Ndalama imene yatsala pamenepo achimwene anu agulire padi yachiwiri ndi zimbale zitatu kapena zinayi.

Za mpirawo tsopano. Gemu imene tidazolowera kuitchula FIFA idasintha dzina mu 2023, pano ndi EA Sports FC, ndipo yatsopano imatuluka chaka chilichonse chakumapeto kwa Seputembala. Ikangotuluka imakhala pafupifupi madola 70. Kumbukirani kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye chilichonse cha mtengo wa madola chimatiluma kwambiri kuno. Koma gemu ya mpira ili ngati tomato pamsika wa Balaka: m'mawa mtengo uli m'mwamba, dzuwa likapendeka wogulitsa yekha amakuitanani. Pofika kumapeto kwa Novembala, nthawi ya Black Friday, imakhala yatsika kale. Pofika nthawi yogulitsa thonje, cha m'ma Meyi ndi Juni, imakhala yatsikiratu chifukwa ina ili pafupi kutuluka. Ya chaka chatha imasiyana ndi yatsopano makamaka pa mayina a osewera ndi mayunifolomu. Mpira wake ndi womwewo. Pemphani ya chaka chatha, simudzadandaula.

WOWULUTSA: Nanga za magetsi, popeza katundu akuchokera kunja?

KATSWIRI: Mphamvu ya magetsi ya ku South Africa ndi yathu ndi imodzi, 230 volts, kusiyana kuli pa pulagi. Kwawoko mano ake ndi ozungulira, athu ndi amakona. Gulani chingwe china kapena adaputala, osati kulowetsa mawaya osenda m'soketi monga ena amachitira. Ndipo magetsi a ESCOM akazima, zulani makinawo pakhoma. Pobwera paja ndi pamene zinthu zimapsa.

WOWULUTSA: Kalata yachiwiri yachokera kwa mtsikana wa sekondale. Akuti: "Ndimasewera Free Fire ndi eFootball pafoni. Magemuwa ndi aulere, koma bandulo ya sabata imatha masiku awiri. Chikundibera n'chiyani?"

KATSWIRI: Achemwali, kusewera kwenikweni sikudya kwambiri. Chimene chimameza bandulo ndi ma update. Magemu amenewa amasinthidwa pafupipafupi, ndipo foni ikhoza kumadzikopera yokha, inu muli m'kalasi kapena muli mtulo. Lowani mu Play Store, pitani pa Settings, muzimitse auto-update kapena muike kuti izichitika pa Wi-Fi pokha. M'kati mwa gemu namonso muli zinthu zowonjezera zimene imakupemphani kukopera, monga mabwalo, zovala ndi mawu. Zambiri mwa izo gemu imayenda popanda. Ikakakamiza update yaikulu, dikirani bandulo ya usiku ngati kampani yanu ili nayo, kapena tsiku limene mwapita ku Balaka kapena ku Liwonde kumene netiweki ili yamphamvu, chifukwa kukopera kukaduka pakati nthawi zina kumayambiranso pachiyambi, ndalama n'kupita kawiri.

Khalaninso ndi gemu imodzi yosafuna intaneti. Dream League Soccer ili ndi mbali yosewera popanda netiweki, ndipo a bawo ndi draft aliponso pafoni. Chenjezo langa lili pa zimene mumaponyerana pa Xender. Gemu yaulere yochokera ku Play Store palibe vuto. Koma zija amati "mod", zolonjeza ndalama zosatha m'gemu, sizidziwika amene wazikonza. Foni yomweyo ndi imene muli Mpamba kapena Airtel Money ya pakhomo. Musaike.

WOWULUTSA: Zimenezi zikutifikitsa pa kalata imene yandikhudza. Mayi wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Nkaya akuti: "Ndidasunga ndalama mufoni zoti ndikabweze ku banki mkhonde. Nditapita kwa ejenti ndidapeza zaperewera. Mwana wanga wa zaka 13 wavomera kuti adatumiza kwa munthu wa pa Facebook kuti amugulitse madayamondi a m'gemu. Madayamondiwo sadabwere. Nditani?"

KATSWIRI: Pepani kwambiri mayi. Ndiyambe ndi zofunika lero lomwe. Sinthani PIN, ndipo yatsopanoyo isakhale chaka chanu chobadwa kapena manambala otsatizana. Mwana asaidziwe, ngakhale mumamutuma kwa ejenti. Uthenga wosonyeza nambala imene ndalama idapita musaufufute. Imbirani kampani ya foni yanu muwafotokozere, ndipo kanenenso kupolisi. Sindingakulonjezeni kuti ndalama ibwera, koma kudandaula msanga kumathandiza, ndipo kumateteza ena.

Tsono za mwanayo. Alangizidwe, inde, chifukwa kutenga ndalama ya mayi osapempha n'kulakwa. Koma ndikupempheni kuti mumvetse chimene akulimbana nacho. Magemu otchedwa aulerewa amapanga ndalama zawo pogulitsa zinthu za m'kati: madayamondi mu Free Fire, makoini mu eFootball, mapointi mu EA Sports FC. Amakonzedwa ndi anthu ophunzira kwambiri kuti wosewera amve kuti watsalira. Anzake avala zokongola, iye ayi. Pali wotchi ikuwerenga kuti mwayi utha pakapita maola ochepa. Ndipo nthawi zambiri sugula chimene ukufuna, umagula bokosi losadziwika za m'kati, mwina mutuluka wosewera wotchuka, mwina ayi. Dziko la Belgium mu 2018 lidagamula kuti mabokosi ogula ndi ndalama oterewa ndi juga. Ngati boma lathunthu lidaona choncho, mwana wa zaka 13 payekha angalimbe bwanji? Kumumenya kokha kumuphunzitsa kubisa. Khalani naye pansi, akuonetseni gemuyo, mumufunse kuti amafuna kugula chiyani. Kenako muwerengere limodzi kuti ndalamayo ikadagula makope angati kapena sopo wa masabata angati. Ngati akufuna kumasewerabe, asewere inu mukuona, pa nthawi imene mwagwirizana.

Kwa achinyamata amene mukumvera: munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akuti akupatsani madayamondi otchipa, kapena akupempha password yanu kuti akuikireni, musamukhulupirire. Chimodzimodzi ogulitsa ma account odzaza magemu. Mwini wake akhoza kusintha password mawa lomwe, inu n'kutsala manja lende.

WOWULUTSA: Wina watumiza uthenga waufupi: "Kodi Aviator ndi gemu?"

KATSWIRI: Ayi, ndi juga. Malamulo a dziko lino salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo palibe njira yopulumutsira ndalama pamenepo koma kusayamba.

WOWULUTSA: Bambo wina wa kabaza akuti wasunga kangachepe ndipo akufuna kutsegula kanyumba ka magemu pa msika. Magetsi alibe, ali ndi sola. Akufunsa ngati agule PlayStation 2 ziwiri kapena PlayStation 4 imodzi.

KATSWIRI: Funso labwino, ndipo yankho lili pa batire. Titenge batire ya 12 volts, 100Ah. Imasunga pafupifupi ma watt-hour 1,200, koma batire wamba ya asidi simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi ifa msanga. Ndiye muli ndi 600. PlayStation 4 ikamasewera imadya ma watt oposa 100, kanema wa mainchesi 32 pafupifupi 50, inveta nayo imadyako. Dzuwa likalowa muli ndi maola atatu basi. PlayStation 2 yaing'ono ija sifika ma watt 50, ndiye pamodzi ndi kanema mukhoza kufika maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Koma makina awiri akufuna makanema awiri, ndiye maolawo agawikanso pakati.

Mbali ina ndi makasitomala. PlayStation 2 ndi ya chaka cha 2000. Mnyamata amene amaonera Premier League mu video show akufuna kuona osewera a lero pa kanema, ndipo amalipira mosanyinyirika pa makina atsopano. Ine ndingati yambani ndi PlayStation 4 imodzi, muzitsegula kwambiri masana pamene sola ikudzaza, phindu loyamba mugulire batire yachiwiri. Musayambe ndi ngongole ya katapila.

Pogula makina akale musapereke ndalama musanayese. Sewerani theka la ola pamalo pomwepo. Mverani fani: ikamalira kwambiri ndiye kuti m'kati mwadzaza fumbi kapena makinawo amatentha. Lowetsani chimbale, muchitulutse, mulowetse china. Gwedezani pang'ono chingwe cha HDMI muone ngati chithunzi chikuthawa. Siyani padi pansi osaikhudza: wosewera akamayenda yekha, ndodo yake yatha. Mapadi ndi amene adzakudyereni ndalama kuposa magemu, chifukwa anyamata akagoletsa kapena akagoletsedwa manja salamulirika. Ikani lamulo pakhoma kuti woswa alipira. Ndipo Utale tonse tikumudziwa mmene amatenthera mu Okutobala ndi Novembala. Makina akhale pa thebulo, pamalo podutsa mphepo, osati m'kabati kapena pansi pa fumbi. Muziwaphimba akazima pokha.

Pa magemu, simukufuna makumi awiri. Mpira umodzi, yomenyana imodzi monga Mortal Kombat kapena Tekken, ya magalimoto imodzi, zakwana. Pezani mnzanu wa bizinesi yomweyi ku Balaka kapena ku Liwonde muzisinthana zimbale. Ndikudziwa kuti ena akuuzani kuti mugule makina otsegulidwa, odzaza magemu okopa. Dziwani kuti lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa kukopa ntchito za ena popanda chilolezo, komanso makina otere akangolandira update, magemu aja amasiya kutseguka, ndipo wokugulitsani uja simumupezanso. Pomaliza bambo, ana ovala yunifolomu nthawi ya sukulu muziwabweza. Makolo ndi mafumu akakukwiyirani, kanyumbako sikakhalitsa.

WOWULUTSA: Yomaliza, mwachidule. Mphunzitsi wina ali ndi laputopu ndi khadi ya ku banki, akufunsa kogula magemu motchipa.

KATSWIRI: Aphunzitsi, tsegulani account pa Epic Games Store. Amapereka gemu yaulere sabata iliyonse, Lachinayi, ndipo mukaitenga ndi yanu mpaka kalekale. Kuitenga sikudya bandulo yambiri, mukhoza kudzaikopera tsiku lina mukapeza Wi-Fi. Pa Steam musagule pa mtengo wathunthu. Ikani gemu pa wishlist mudikire kutsitsa mitengo kwa kumapeto kwa Juni kapena kwa Disembala. Musanalipire, werengani zimene gemuyo ikufuna muyerekeze ndi laputopu yanu, chifukwa malaputopu ambiri a ntchito za muofesi sanyamula magemu atsopano. Ikakana kuyenda, Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo simudasewere maola opitirira awiri. Funsaninso ku banki yanu ngati khadiyo ikuloledwa kulipira kunja, ndi ndalama imene amadula pa malipiro otere.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera, makalata otsala tidzawerenga sabata ya mawa.