MAFUTA A CHAMBA A KUCHIPATALA: ZIMENE BANJA LIYENERA KUDZIŴA

Chiyambire chaka cha 2020, pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba chopangira mankhwala ndi cha m'mafakitale, anthu ambiri akhala akufunsa za mafuta a chamba. Ena anamva kuti amachiza khansa. Ena abale awo a ku Johannesburg kapena ku London anawatumizira kabotolo kolembedwa kuti 1:1. Choyamba tidziŵe kuti lamulolo silinalole kusuta chamba. Wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo kupezeka ndi chamba popanda chilolezo ndi mlandu.

Kodi m'mafutamo muli chiyani?

M'chamba muli mankhwala a mitundu yoposa 100, koma odziŵika kwambiri ndi aŵiri. Oyamba ndi THC, amene amaledzeretsa. Akatswiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, ndiwo anawapatula m'chaka cha 1964. Achiŵiri ndi CBD, amene saledzeretsa. Botolo likalembedwa kuti 1:1, ndiye kuti muyeso wa THC ndi wa CBD ndi wofanana.

Mankhwala a muyeso wotere amene anayesedwa kwambiri ndi Sativex, opopera m'kamwa, amene anavomerezedwa ku Britain m'chaka cha 2010. Mpopo umodzi uli ndi mamiligalamu 2.7 a THC ndi 2.5 a CBD, ndipo wodwala saloledwa kupitirira mipopo 12 pa tsiku. Amaperekedwa kwa odwala matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, amene minofu yawo imakungana, ndipo amatero pokhapokha mankhwala ena atalephera. Kwa odwala ena amene ululu wawo ndi wa nthaŵi yaitali, mafuta a 1:1 amachepetsako ululuwo ndi kuwathandiza kugona. Amachepetsako, sachotseratu, ndipo palibe umboni wakuti amachiza khansa mwa munthu.

Makolo a ana akhunyu asasokonezeke. Mankhwala a khunyu amene anavomerezedwa ku America m'chaka cha 2018, otchedwa Epidiolex, ali ndi CBD yekha, ndipo ndi a mitundu yoŵerengeka ya khunyu yovuta kuchiza. Mwana asapatsidwe mafuta okhala ndi THC, ndiponso asasiyitsidwe mankhwala ake a kuchipatala.

Kufanana kwa muyeso sikuchotsa mphamvu

Ogulitsa amakonda kunena kuti CBD amaziziritsa ukali wa THC. Akatswiri a pa King's College ku London anayesa zimenezi pa anthu 46, nalengeza m'chaka cha 2022 kuti kuonjezera CBD sikunachepetse kuiŵala kapena kusokonezeka maganizo kumene THC amadzetsa. Chotero mafuta a 1:1 angathe kuledzeretsa, ndipo tiwaone ngati mankhwala amphamvu.

Ngozi yaikulu ili pa kuchedwa kwake. Utsi wa chamba umaloŵa m'magazi kudzera m'mapapo, ndipo munthu amaumva m'mphindi zochepa. Mafuta akamezedwa amayamba apita m'mimba ndi m'chiŵindi, kotero pamatha mphindi 30 kufikira maola 2 asanayambe kugwira ntchito. Chiŵindicho chimasandutsa THC kukhala mankhwala ena amene nawonso amaledzeretsa, ndipo mphamvu yake imakhala m'thupi maola 6 kapena 8, nthaŵi zina kupitirira apo.

Taganizirani za agogo amene msana ukuwapweteka. Amwa mafutawo dzuŵa litangoloŵa. Papita kanthaŵi, iwo akuti, "Mwana wanga, sindikumva kusintha." Mdzukulu, pomva chisoni, awaonjezera. Pofika usiku miyeso yonse iŵiri yagwira pamodzi: mtima ukuthamanga, chizungulire chawagwira, akuopa zinthu zosaoneka, ndipo podzuka kupita kuchimbudzi agwa ndi kuthyoka chiuno. Chifundo chawavulaza.

Nchifukwa chake adokotala amayambitsa wodwala pa muyeso wochepa kwambiri, kaŵirikaŵiri usiku pogona, ndi kuonjezera pang'ono pakapita masiku angapo. Paja kuthamanga sikufika. Yezani ndi sirinji yopanda singano imene imabwera ndi botolo, osati ndi supuni ya tiyi. Chakudya chonona, monga ndiwo zotendera kapena nyama yamafuta, chimachititsa kuti mankhwalawa aloŵe ochuluka m'magazi. Motero wodwala asamwe lero ali ndi njala, maŵa atakhuta. Wosamalira wodwala alembe m'kope nthaŵi, muyeso ndi zimene waona, ndipo apite nalo kuchipatala.

Amene sayenera kumwa

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwe, pakuti THC amafika kwa mwana ali m'mimba ndiponso amaloŵa m'mkaka wa m'maŵere. Munthu amene anadwalapo misala, kapena amene mbale wake wapafupi anadwalapo, asamwenso. Achinyamata apeŵe chifukwa ubongo umapitirira kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25. Wodwala mtima kwambiri nayenso ali pa chiopsezo.

Uzani adokotala mankhwala onse amene mukumwa, osabisa. Rifampicin, wa chifuwa chachikulu, amafooketsa mafutawa, pamene ritonavir, wopezeka m'ma ARV ena, angawaonjezere mphamvu. CBD amachititsa kuti warfarin achuluke m'thupi, ndipo munthu angataye magazi. Moŵa, kaya ndi masese kaya kachasu, usayandikire. Amene akumva tulo kapena chizungulire asayendetse galimoto kapena njinga yamoto, ngakhale kukwera padenga kukafolera.

Nanga mabotolo a pamsika? Mafuta ophikidwa kuseri kwa nyumba alibe muyeso wodziŵika. Pepala lomatidwa pa botolo angalilembe aliyense, ndipo m'katimo mungakhale nkhungu kapena mankhwala a mbozi amene anathiridwa m'munda. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Funsani kwa a zaumoyo ngati botolo lanu ndi lovomerezeka musanatsegule.

Mafutawa asungidwe pamalo ozizira, a mdima, okhomedwa. Mwana akamwa mwangozi amagona tulo tachilendo, amadzandira, ndipo nthaŵi zina amapuma movutikira. Musamusanzitse, ndipo musayembekeze kuti kuche. Mugonekeni chammbali, thamangirani naye kuchipatala, ndipo tengani botolo lija kuti adokotala aone chimene wamwa.