Mlendo Akafufuza pa Google, Akupezeni

Ambiri mwa inu makolo anu amagulitsa chambo, mpunga wa ku Lifuwu kapena ziboliboli ku Senga Bay. Mlendo wochokera ku Lilongwe asananyamuke amayamba wafufuza pa foni. Bizinesi imene sanaione amangoidutsa, ndalama n'kukagwera kwa wina.

Luso lothandiza bizinesi kuoneka msanga pa Google limatchedwa SEO. Google imayerekeza mawu amene munthu walemba ndi amene ali pa tsamba lanu. Choncho lembani zimene wogula angalembe, monga "chambo Senga Bay", osati dzina la shopu lokha, poti iye salidziwa.

Werengani zinthu ziwiri zaulere za m'Chingerezi: SEO Starter Guide ya Google, komanso malangizo a Google Business Profile, ophunzitsa kuika bizinesi pa Google Maps.

Ntchito ya sabata ino: sankhani bizinesi imodzi yakwanu. Lembani malo ake, nthawi yotsegula, mitengo, nambala ya WhatsApp, ndiponso ngati imalandira Airtel Money kapena Mpamba. Jambulani katundu weniweni, chifukwa wogula wonamizidwa amalemba dandaulo limene alendo ena amawerenga.