Botolo la Madzi Silichepetsa Mafuta a Galimoto



Mafuta akakwera mtengo, ena amamangirira botolo la madzi pafupi ndi injini. M'botolomo amaikamo zitsulo ndi soda, n'kulumikiza mawaya ku batire, kuti madziwo azitulutsa mpweya wa haidrojeni wolowa mu injini. Ati galimoto izimwa mafuta ochepa.

Musanamizidwe. Magetsi opangira mpweyawo amachokera ku alternator, ndipo alternator imazunguzidwa ndi injini yomweyo, imene ikumwa mafuta anu. Mphamvu imene mpweyawo umabweza ndi yochepa kuposa imene yapita poupanga.

Choopsa kwambiri n'chakuti mpweyawu ukangokumana ndi kamoto kakang'ono, botolo limaphulika. Nthunzi ya soda imadya zitsulo za mkati mwa injini. Madzi ambiri akalowa m'masilinda, injini ikhoza kuwonongekeratu. Mawaya nawo amatentha, mwina mpaka kuyaka.

Ndiye mutani? Ngati mulibe botololi, musaliike. Ngati munaliika kale, zimitsani injini, musayandikire ndi fodya, ndipo pitani kwa makaniko akalichotse. Makanikoyo aonenso mawaya ndi paipi yolowetsa mpweya.

Mukafuna kuchepetsa mafuta, popani matayala mokwanira.  Musasiye injini ikulira pa siteji podikira anthu.

Tibwereze: botolo la haidrojeni musaliike, ndipo ngati lilipo, kalichotseni kwa makaniko.