Thanki ya petulo ikachita dzimbiri: kaitsukidwe kake osadziwotcha

Ambiri mwa ife kuno ku Joni galimoto yoyamba imakhala yakale: Nissan 1400 yomwe anasiya kupanga mu 2008, kapena Citi Golf yomwe inathera mu 2009. Ndiyo imatinyamulira zinyalala za pamaganyu ndi katundu wa anthu osamuka. Ena December akafika amafuna kuikwera mpaka kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ulendo woposa makilomita 1,500. Galimoto zimenezi thanki yake ndi yachitsulo, ndipo chitsulo chimachita dzimbiri.

Dzimbirilo limabwera ndi madzi. Thanki ikamakhala ndi petulo wochepa, malo otsalawo mumadzaza mpweya wachinyontho. Usiku kukazizira chinyonthocho chimasanduka madontho, ndipo poti madzi ndi olemera kuposa petulo, amakakhala pansi penipeni n'kumadya chitsulo. Paja ambirife timathira wa R100 basi, ndiye thanki sidzadza chaka chathunthu. Galimoto yomwe yakhala miyezi itaima ndiye imaipiratu.

Mudzadziwa chonchi: galimoto imalira bwino m'mawa, koma pamtunda imatsamwa kenako n'kuzima. Mukasintha fyuluta ya petulo, pakangotha masiku ochepa yatsopanoyo yadzadzanso tinthu tofiirira ngati masamba a tiyi. Zikatere musataye ndalama kutsukitsa kabuleta kawirikawiri. Gwero lili kuthanki.

Tisanafike pa katsukidwe, pali nkhani ya moyo. Thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzadza. Chomwe chimaphulika ndi nthunzi ya petulo yosakanikirana ndi mpweya, ndipo imagwira moto ngakhale itakhala yochepa, pafupifupi magawo awiri okha pa 100 alionse a mpweyawo. Nthunziyi imatsalira m'thanki ngakhale mwakhuthula zonse. Choncho musayerekeze kuiwotcherera kapena kuidula ndi gilayinda, ngakhale mnzanu atanena kuti "yauma kale". Komanso nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chapansi. M'mayadi mwathu momwe zipinda zathithikana, ikhoza kukwawa mpaka pa mbaula kapena pa chitofu cha palafini cha mnansi. Gwirani ntchitoyi panja, patali ndi zipinda, popanda wosuta fodya, ana atatalikira. Ndipo chonde musakoke petulo ndi pakamwa. Akalowa m'mapapo amavulaza koopsa. Wina akameza, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala. Pafoni ya m'manja nambala ya ngozi ndi 112.

Yambani ndi kumasula waya wa negetivu pa batire. Popani petulo yense ndi kapampu ka pamanja, muike m'chigubu cha petulo chotsekeka bwino, osati m'mabotolo a zakumwa. Galimoto ikhale pa zoimikira zachitsulo. Jeke yokha kapena njerwa sizodalirika munthu akalowa kunsi. Musanamasule mapaipi ndi mawaya, jambulani ndi foni kuti musadzasokoneze pobwezera. Thanki ikatsika, chotsani kachipangizo koyezera petulo kamene kali ndi choyandama, mukasunge padera.

Tsopano unikani mkati ndi tochi ya batire, osati machesi. Gogodani pansi pake. Ngati chitsulo chapyapyala, chikubonyoka ndi chala, kapena pali timabowo tambiri, lekerani pomwepo. Thanki yotere mukasake ina kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasula, ndipo nayonso muiunike musanalipire. Ngati kabowo ndi kamodzi, kapatseni okonza maradiyeta omwe amakonzanso mathanki. Iwo ali ndi njira yochotsera nthunzi asanayandikize moto.

Ikakhala yolimba, itsukeni ndi madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale kawiri kapena katatu, mpaka fungo la petulo litachepa. Mkati mudakali madzi, ponyanimo tcheni chachifupi kapena manati, n'kumaigwedeza anthu awiri mbali zonse kuti makoko a dzimbiri agwe. Ine ndimakonda tcheni. Mathanki ambiri mkati muli timakoma toletsa petulo kukhavuka, ndipo manati amakanirira mmenemo. Ngati mwaika manati, awerengeni polowa ndi potuluka.

Dzimbiri lotsala limachoka ndi viniga woyera wa m'sitolo. Sipafunika kudzadza thanki yonse. Malita 10 akwana, bola muziitembenuza kuti mbali iliyonse inyowe tsiku lathunthu. Chivindikiro chisakhale chothina. Ena amathira asidi wa m'madamu osambiramo poti amamupeza mosavuta kumayadi komwe amagwira ntchito. Ameneyo ndi waukali kwambiri: amadya ndi chitsulo chabwino chomwe, amapsereza khungu ndi maso, ndipo nthunzi yake imawononga m'chifuwa. Viniga amachedwa, koma thanki imatsala.

Mukakhuthula viniga, tsukuluzani ndi madzi omwe mwasungunuliramo soda wophikira kuti asidi afe, kenako madzi oyera. Apa ndiye pofunika changu, chifukwa chitsulo chotsukidwa chimayambanso kufiira pa maola ochepa. Sankhani tsiku la dzuwa. Thiranimo sipiriti pang'ono, gwedezani kuti atenge madzi otsalira m'makona, khuthulani, n'kuiyanika mabowo onse ali otsekula. Sipiritinso amayaka, ndiye za moto zija zikadalipo.

Pali mankhwala omatira mkati, monga POR-15, omwe amathiridwa n'kumazunguliza thanki mpaka paliponse patakutika. Amafuna masiku anayi kuti aume, ndipo muonetsetse kuti sanatseke kapaipi kokokera petulo ndi kopumira. Koma mkati mukakhala chinyontho kapena mafuta, amadzamatuka n'kutseka paipi kuposa dzimbiri lija. Kuona kwanga, ngati dzimbiri linali lapamwamba chabe, musavutike nawo. Bwezerani thanki tsiku lomwelo, muidzadze petulo.

Pobwezera ikani fyuluta yatsopano, ndipo mapaipi a labala ong'aluka musinthe ndi opangidwira petulo. Petulo wakale uja ndi madzi otsukira oyamba musathire m'ngalande kapena m'chimbudzi. Funsani ku galaji kapena kumalo a khonsolo otayirako mafuta akale. Lizani injini, suzumirani kunsi ngati pakudontha. Pakatha sabata onaninso fyuluta, ndipo amene mukupita kumudzi munyamule ina yapadera.